Bambo anga andiphera mkazi ndi mpunga

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi mano ali panja, koma vuto ndili nalo ndithu. Bambo anga ayamba kumulankhula mkazi wanga!

Bambo angawo, a Mah, anabwera kuno ku Canada kuchokera ku China ali mnyamata, ndipo akalambira m'khitchini ya kalesitilanti kathu. Ine ndine mwana mmodzi yekhayo, ndiye ankayembekeza kuti ndidzakwatira Mtchaina mnzanga. Koma mtima wanga unagwera Lesia, mwana wa alimi a tirigu amene makolo awo anachokera ku Ukraine. Ku ukwati wathu bambo sanapondeko. Tsikulo anatsegula lesitilanti monga mwa masiku onse, ndipo kwa zaka zingapo ankamudutsa Lesia ngati akudutsa mtengo.

M'nyengo yozizira yapitayi anaterereka pakhomo n'kuthyoka mwendo. Mayi anatisiya kale, ine ndimakhala kuntchito, ndiye amene ankawaperekeza kuchipatala anali Lesia. Atachira anandiimbira foni kuti Lamlungu ndibwere naye adzadye. Aphungu, ndinavina foni ili kukhutu, munthu wamkulu ndi dazi langali.

Vuto ndi ili. Kwawo kwa Lesia mlendo waulemu amaseseratu mbale, osasiya kanthu. Kwathu mbale ikayera ndiye kuti mlendo sanakhute, wophika wachita manyazi. Choncho Lesia akamaliza, bambo amawonjezera. Iye amalimba mtima n'kumalizanso, bambo n'kuwonjezeranso. Lamlungu lapitali unatha mpunga, inatha nkhumba yootcha, inatha nsomba, mpaka bambo anadzuka kukakazinga mazira. Lesia anatuluka atamasula lamba, n'kundinong'oneza kuti, "Wayne, bambo akowa akufuna kundipha mwaulemu." Nawo bambo anandikokera pambali: "Iwe, kodi mwanayu sumamudyetsa kunyumba?"

Anati mwanayu, Aphungu! Ndinaseka njira yonse mpaka kuphonya pokhotera kwathu.

Tsopano Lesia akuti Lamlungu likudzali sapita, m'mimba mwake mukufuna tchuthi. Akapanda kuoneka, bambo aganiza kuti wanyoza zophika zawo, ndipo chitseko chitsekekanso. Sindinauze aliyense wa iwo chimene chikuchitika, poti mtenderewu ukadali wakhanda ndipo ndikuopa kuugwetsa. Nditani?

W.M., Swift Current

Bambo W.M.,

Ndaseka nanu, koma pukutani misoziyo timvane. Patebulopo wodziwa miyambo yonse iwiri ndi inu nokha, koma mwangokhala n'kumaonerera ngati mpira. Akumutupitsa mimba mkazi wanu si bambo anu ayi, ndi inuyo ndi pakamwa panu potsekapo.

Muuzeni Lesia lero lomwe. Akakhuta azisiya kampunga pang'ono m'mbale, aike timitengo todyera pansi, ayamikire wophika. Mukamamufotokozera musamuseke, chifukwa wavutika pofuna kulemekeza bambo anu. Bambowo asiyeni, musawaphunzitse kanthu. Paukalamba pawo simungawaletse kudyetsa anthu.

Lamlungu apite ndithu. Ngati n'kotheka, chakudya cham'mawa achidumphe.

Palinso chinthu chimene mwaiwala. Kwanu mkwatibwi amapereka tiyi kwa apongozi ake ndi manja awiri, ndipo iwo akamwa ndiye kuti amulandira m'banja. Tiyi ameneyo sanaperekedwe. Mukatha kudya, Lesia awathirire m'kapu, awapatse, awaitane kuti bambo. Musaitane gulu, ndipo foni yanu ikhale m'thumba. Mkuluyo akaona kuti mukumujambula adzaumitsa khosi.

Koma ndikuchenjezeni. Musadikire kuti bambo anu adzanena kuti pepani, ndipo Lesia asadikirenso. Sadzanena. Munthu amene wakalambira pachitofu amapepesa ndi chipande, ndipo mpunga akuwonjezerawo ndi wa ku ukwati umene sanapiteko uja. Ndiye kampunga kosiyako asiye m'mbale yachiwiri. Mbale yoyambayo Lesia aidye yonse.