Ziphuphu Zija Zikutha

Hara, Karonga
12 Juni 1978

Okondedwa azakhali,

Kaya inu ku Zombako, ife kuno tili bwino, mpunga wacha.

Ziphuphu munandiona nazo pa Khirisimasi zija zikutha. Anamwino a Thelma anandikalipira: "Keziya, leka kufinya, ukuzifalitsa wekha ndi zala zakozo!" Tsopano ndikaweruka kumunda ndimasamba kumaso ndi sopo. Mafuta a nsatsi ndinasiya kudzola, ndipo kumagule a chipani sindipukutiranso thukuta nsalu imodzi ndi anzanga. Zipsera zokha ndiye zikukanirira.

Kalaliki wina wa pasikimu pano, a Patson, afunsa njira ya kwa atate. Musauze munthu kaye. Koma dziwani kuti anayamba kundipatsa moni nkhope idakali ziphuphu zokhazokha.

Ndine mwana wanu,
Keziya