Lusungu Akupita Kutali

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji lero?

Kuno ku Kawale mvula yayamba msanga. Mango anu aja abereka mpaka nthambi imodzi kuthyoka. Mkazi wa achimwene wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Denga likudonthabe pakona pomwe paja.

Nkhani yaikulu ndi ya mdzukulu wanu Lusungu. Wasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, kumpoto. Aphunzitsi ake atandiitana anandiuza kuti mayeso amenewa amuchita "catapult" mwanayu. Ndinangogwedeza mutu ngati ndamva. Tili m'njira ndinamufunsa Lusungu, iye n'kuseka, akuti ndi legeni pachingerezi. Koma akuti mawu omwewo amanenanso kuponya chinthu mwamphamvu, kaya mwala, kaya munthu amene zinthu zamunyamula mwadzidzidzi n'kukamuika patali.

Ndinaima pakati pa msewu, Amayi, anjinga akundiimbira belu. M'maganizo ndinakuonani muli pakhonde, diso limodzi mutatsinzina, mukukoka legeni yanu yamphira wa chubu kuingitsa akhwangwala pa ufa woyanika. Anzanu akumvano ankakusekani, inu osalabadira. Tsiku limene munandiphunzitsa ndinakoka n'kuopa kusiya. Munandigwira chigongono n'kunena kuti, "Nyuma, wakoka kale. Siya."

Ndisakubisireni, ndinkafuna kukana kuti Lusungu apite. Chichokereni inu, ndi bambo akenso atatisiya, m'nyumba muno amene amayankhula ndi Lusungu yekha. Ndinali nditafunsa kale malo pasukulu yoyendera pafupi pano.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinagona pamphasa pansi pa mango. Ndinalota Lusungu akuyandama pamwamba pa Biwi ndi Mchesi, malata akunyezimira pansi pake, diresi likuuluzika, iye akuseka ngati mmene ankasekera mukamubereka kumbuyo. Ndinafuna kumuitana atsike, koma pakamwa sipanatseguke. Nditadzuka ndinamupeza akutsuka mbale, akuimba motsitsa kuti asandidzutse. Sanandipemphepo n'kamodzi komwe kuti ndimulole.

M'mawa mwake ndinapita naye kumsika. Tinagula sutikesi, ndowa ndi bulangete. Pobwerera sutikesiyo ndinasenza ndine, ndipo aliyense wondifunsa ndinkamuyankha mokweza kuti mwanangayu akupita kusukulu.

Popita kukamusiya tidzatsikira kumudzi, ndikulonjeza. Tidzalambula pamanda panu, kenaka adzakutsanzikani yekha, atavala yunifomu.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Nyuma