Akalulu a Kudimba ndi Chitenje Chanu

Amayi, kumene muliko mukupeza bwanji?

Ndine Asani, mwana wanu uja munkati pakamwa pake palibe chitseko. Ndikulemba ndili pakhonde lanu kuno ku Katuli. Chichokereni inu chaka chakwana, ndipo nkhani zaunjikana, zina zokoma, ina imodzi yondiwawa.

Ndiyambe ndi zokoma. Achemwali anga Asiyatu anabereka mwana wamkazi, tinamupatsa dzina lanu. Mphumi ndi yanu ndithu, ndipo asanalire amayamba wakwinya nkhope monga munkachitira mchere ukachuluka m'ndiwo. Chimanga sichinachite bwino, mvula inadula chikungomasula kumene, koma nandolo ndi mbatata zatipulumutsa. Nkhokwe yanu inapendekeka, ndinaichirikiza ndi mitengo iwiri.

Nkhondo ya ku Mozambiki sinathe. Mphepo ikachokera kummawa timamva mfuti. Mlongo wanu, amalume a Che Bwanali, anafika ndi mbumba yawo yonse mapazi atatupa, atangosenza mphika ndi mkeka wopempherera. Za maliro anu anamvera pabwalo pano, ndipo anangokhala pansi pomwepo. Tsopano pakhomo pano ndife khamu, ndiwo ndi nandolo m'mawa, nandolo madzulo. Mbuzi zanu ziwiri zija, imodzi inapita pa arobaini yanu, mwambo wa tsiku la makumi anayi uja, ina anaba.

Kamera ija anandisiyira mlendo pamene ndinkagwira ntchito kuhotela ku Nkopola ikundidyetsabe. Othawa nkhondo amabwera kuti ndiwajambule, zithunzizo zikapachikidwe kumisasa ina, mwina abale amene anatayana nawo angawazindikire. Ndimawaimika pakhoma la sitolo. Palibe amamwetulira, ndipo ine ndinasiya kuwauza kuti amwetulire. Ndikaweruka kumeneko mtima umakhala utalema, n'chifukwa chake ndinayamba kuthawira kukadimba kanu kakuseri kwa nyumba.

Mukukumbukira tiana ta kalulu tiwiri munatola tchire litapsa? Munatilera m'dengu lanu lopetera lija, titakula n'kutitaya kuthengo. Koma ito tinkabwerabe. Mukatha swala, pemphero la m'bandakucha, munkaponya kholowa pakona pa mpanda, n'kumapsopsona milomo, akalulu n'kutulukira. Ndinkakusekani kuti mukuweta ziweto za Mulungu. Inu munkati, "Asani, chinthu chamantha usamachiyang'ane m'maso, uzingokhala ngati uli ndi zako."

Mutamwalira anasiya kubwera. Ndinkaponya kholowa, ndinkapsopsona mpaka milomo kuuma, koma akangondiona liwiro. Ndiye m'mawa wina wa m'nyengo yozizira ndinatola chitenje chanu chobiriwira chija pamsomali, n'kufunda. Sikuti ndinali ndi nzeru ina iliyonse, ndimangomva mphepo, komanso chinkanunkhirabe utsi ndi mafuta anu. Ndinakhala pachulu, misozi ikutsika yokha. Ndikutukula maso, mmodzi wa akalulu anu aja, wa khutu long'ambika, ali apo, mphuno ikugwedezeka. Ndinamutcha Che Khutu, ngakhale pambuyo pake ndinazindikira kuti ndi wamkazi.

Kuyambira tsikulo m'mawa uliwonse ndinkafunda chitenjecho. Amayi a pachitsime anandiseka mpaka kugwira m'mimba, amvekere mnyamata wa ndevu wafunda ngati namfedwa, akwatira liti ameneyu. Ine osalabadira. Che Khutu anabweretsa mnzake wakale uja, kenako ana awiri. Wina mwa anawo ankathera patali nthawi zonse, ndinamutcha Kamanyazi.

Kuwajambula inali ntchito, amayi. Kamera ikangoti khethe, onse balala. Ndiye ndinkapita nayo yopanda filimu, n'kumaikhethemula chabe, milungu yambirimbiri, mpaka anaizolowera ngati kulira kwa nkhuku. Tsiku limene ndinaikamo filimu, Che Khutu anadya kholowa m'manja mwanga, ndevu zake zikundigirigisha m'zala. Chimwalirireni inu ndinali ndisanasekepo chotero.

Zithunzi zitabwera kotsukitsa, chitseko chija chinandisowadi. Ndinaziyala pamkeka pamaso pa achemwali ndi amalume. Achemwali anagwira chithunzi cha Che Khutu nthawi yaitali, misozi ili lengelenge, n'kufunsa kuti, "Koma achimwene, zinthu zamantha ngati zimenezi zikukuyandikirani bwanji?" Ndinaulula zonse: chitenje, nthawi yake, chulu chokhalapo, ngakhale kapsopsonedwe kanu ndinawaphunzitsa. Amalume anangofunsa kamodzi, "Amafika mpaka pamanja?" Ndinayankha monyada kuti eya, mpaka pamanja. Ndinkaona ngati tikukumbukira inu.

Sadaka yanu ya pachaka itayandikira, achemwali anandituma ku boma ku Mangochi kukagula mpunga ndi masamba a tiyi. Mukudziwa mayendedwe a kuno, galimoto ikapita lero kubwera n'mawa kapena mkuja. Ndinagona komweko masiku awiri, n'kufika tsiku la sadaka lenilenilo, anthu atadzaza pabwalo, ashehe atayamba kale pemphero la duwa. Mpunga utapsa aliyense analandira kanthuli ka nyama. Ndinafunsa kuti nyamayi yachokera kuti, achemwali anati, "Apeza ndi amalume. Idyani, achimwene, mwatopa." Ndinadya, amayi. Ndinatafuna ndi fupa lomwe, n'kuyamikira kuti mchere wakwana.

M'mawa mwake chitenje panalibe pamsomali. Ndinachipeza chitayanikidwa pampanda, chochapidwa ndi sopo, fungo lanu lonse litatha. Kuseri kwa chisakasa cha amalume kunali zikopa zitatu zokhomedwa padzuwa. Chimodzi khutu lake linali long'ambika.

Achemwali sanakane. Anati, "Msampha ukanawapha, ndipo nyama yofa yokha yosazinga ashehe sakanaikhudza. Amafunika amoyo kuti amalume awazinge mwa Chisilamu. Ndinafunda ndine." Tsiku loyamba anavundikira awiri ndi dengu lomwe lija munawalereramo. Tsiku lachiwiri Che Khutu anabweranso. Anaona anzake akugwidwa dzulo lake, koma atamva kupsopsona n'kuona chitenje chanu, anabwera. Ameneyo achemwali anachita kumutola ndi manja.

Ndinakalipa, ndipo mawu ena sindingawalembe pano. Achemwali nawo anakweza mawu: "Mumafuna sadaka ya amayi idyedwe ndi nandolo? Anthu akanati chiyani, kuti anabereka ana opanda manja?" Amalume anadikira tonse titatopa, n'kunena motsitsa, "Mphwanga, ife tasiya anthu m'tchire osaikidwa m'manda. Iwe ukulira kalulu?"

Njala ndikuidziwa, amayi. Ana a amalume anali asanalawe nyama chifikireni, ndinawaona akunyambita zala. Achemwali akanandipempha maso ndi maso, kaya ndikanalola kaya ndikanakana, koma tikanakangana ngati anthu a mimba imodzi. M'malo mwake anandifunsa ndi misozi m'maso, ine n'kumasula mtima wonse, iwo akuloweza. Anandichotsa pakhomo mwadala. Anavala inu, n'kuitana ndi mawu anu, kuti chobwera chifukwa chokukhulupirirani chigwidwe. Kenako anandipatsa mbale m'manja n'kumandiyang'ana ndikudya. Chimenechi n'chimene chikundiwawa, ndipo sichikuchoka. Ndimadzidanso ndekha, chifukwa njira yonse anaipeza pakamwa pangapa.

Tikulankhulana ndi achemwali, koma za mchere ndi nkhuni basi. Mwana ndimamunyamula, iye sanalakwe. Zithunzi zija ndinazitsekera m'sutikesi. Dzana achemwali anandipempha chimodzi choti apachike m'nyumba, ndinangotuluka panja.

Watsala Kamanyazi. Kwa milungu iwiri sanaoneke. Lachisanu lapitali ndinafunda chitenje chija n'kukakhala pachulu, wopanda kholowa, wopanda kamera. Anatulukira pakona pa mpanda, ataonda. Anaima, n'kusendera, n'kusenderanso, mpaka kununkhiza chala cha phazi langa. Miyezi yonse ija ndinkamunyengerera osatheka, wasankha kundikhulupirira tsopano. Cha kukhitchini ndinamva mwana wa amalume akuitana mnzake kuti adzaone.

Ndinatola chibuma, amayi, n'kumugenda. Ndinaphonya mwadala, koma ndinakuwa ndi mawu onse, ndikukupiza chitenje chanu m'mwamba. Anathawa mpaka kugwa m'ngalande. Dzulo anabweranso, ndinamugendanso. Lero anangosuzumira patali, ataona chobiriwira n'kubwerera.

Munandiphunzitsa kuitana, kuthamangitsa ndikudziphunzitsa ndekha. Mundikhululukire kuti nsalu yanu ndaisandutsa choopsezera. Ndikukulonjezani kuti m'mawa uliwonse ndikatha swala ndizikakhala pachulu paja nditafunda, chibuma chili m'manja, mpaka Kamanyazi adzaiwale kuti pakhomo pano panali munthu wabwino. Akadzasiyiratu kubwera, ndidzachipinda chitenjecho n'kusungira mdzukulu wanu wa dzina lanuyu.

Mulungu akuwalitsireni manda anu. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Asani