Mtundu wa Diresi Lanu la Pasaka

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Rimuka tilipo, tikudzuka ndithu.

Ndiyambe ndi yabwino. Mpongozi wanu Rudo anachira mu Febuluwale, mwana wamkazi, ndipo makutu ndi anu enieni. Ku Sanyati achimwene akolola thonje lochepa chifukwa mankhwala opopera anasowa, koma chimanga chilipo, sadza, nsima yathu ija, sitikuisowa. Ku fakitale ya nsalu tikugwira masiku awiri okha pa sabata. Masiku enawo ndimatenga kamera ija munkaitcha chidole cha munthu wandevu, n'kumajambula anthu ndi minda.

Mukukumbukira Pasaka wanu womaliza, pamene ndinakujambulani pakhomo mutavala diresi lofiira moderapo lija? Pabanja tinagwirizana kuti chithunzicho tichikulitse, chidzakhale kutsogolo tsiku lovundukula chiliza chanu. Ndinachikonza bwinobwino pa kompyuta yanga, n'kupita nacho ku Chegutu kwa bambo wina wotsuka zithunzi. Chitatuluka, diresi linali lakhofi ngati dothi la m'migodi ya ku Chakari. Nkhope yanu inali yotuwa ngati ya wodwala, pomwe tsiku lija munali wathanzi, mukutikalipira kuti tikuchedwetsani ku tchalitchi.

Alongo anu, a malume Bonifasi, ndiwo zinawapweteka kwambiri. Paja moyo wawo wonse anathera m'chipinda chonyika nsalu pa fakitale paja, mpaka tsiku lomwe anawauza kuti ntchito yatha. Chithunzicho anachiyang'ana, n'kuchivundikira patebulo.

"Mlongo wanga sanavalepo mtundu uwu," anatero. "Utoto wa nsalu ija ndinasakaniza ndine. Ngati chithunzi ndi chimenechi, kumanda kusapite chithunzi."

Ndinabwerera ku Chegutu nditakwiya, koma bambo uja anandionetsa kuti makina ake alibe vuto. Sikirini yanga ndiyo inkandinamiza. Inkaonjeza kufiira ndi kuwala, ndiye ine pokonza ndinkachotsa kufiira komwe m'chithunzi munalibe. Anati sikirini imafunika kuyeza, monga momwe amayezera sikelo ya thonje.

Ndinayamba ndi njira yaulere, yoyang'ana timizere totuwa pa sikirini n'kumasintha mpaka maso akhutire. Maso anga ankakhutira m'mawa, pofika masana n'kukana. Mwana wanu Esinati atamva ali ku Mangalande, anafuna kunditumizira chipangizo chodula cha akatswiri, choyeza sikirini pamodzi ndi makina osindikizira. Ndinamukaniza. Makina osindikizira ndilibe, ndipo ndalama zomwe iye amazivutikira kumeneko ndi za mankhwala a malume. Si inu munkati usagule mphika wa paukwati pomwe ukuphikira anthu atatu?

Kenaka ndinamva za mphunzitsi wina amene ankagulitsa katundu wake popita kukafuna ntchito ku Botswana. Nayenso ankakonda zojambula, ndipo anali ndi kachipangizo kakang'ono ngati sopo wosambira, komwe umakalendewetsa pa sikirini ndi chingwe, iko n'kumawerenga mitundu kokha. Sindinathamangire. Ndinamufunsa kakhala zaka zingati komanso ankakasunga pati, chifukwa bambo wa ku Chegutu anandichenjeza kuti timagalasi ta mkati mwake timafwifwa tikakhalitsa padzuwa kapena pachinyontho. Ndinanyamulanso kompyuta yanga pa njinga kupita nayo kwawo kuti ndione ngati zigwirizana. Zinagwirizana. Iye chomwe ankasowa ndi chonyamulira zovala, ndiye posinthana ndi kachipangizoko ndinamupatsa sutikesi yaikulu ija ya abambo. Musandikalipire, inkangodyedwa ndi mphemvu pansi pa bedi.

Magetsi anatisiya masiku atatu, n'kubwera Lamulungu masana. Ndinatseka makatani, ndinaisiya sikirini itenthe kwa theka la ola, kenaka n'kukapachika kachipangizo kaja. Mitundu inayamba kuphethira umodziumodzi. Itatha, sikirini inaoneka yazii ngati yazilala, moti ndinaganiza kuti ndataya sutikesi pachabe. Koma nditatsegula chithunzi chanu choyambirira, chosakhudza chija, ndinaona kuti chinali bwino kuyambira kale. Wochiononga ndinali ine. Ndinangowalitsa pang'ono pamene mthunzi wa denga unagwera pamphumi panu, basi.

Chatsopanocho nditabwera nacho, a malume sanafune kuchionera m'nyumba. Anauza Rudo kuti atulutse diresi lenilenilo, poti pogawa zovala zanu linagwera iye. Anatuluka nazo zonse ziwiri n'kukaima pamthunzi wa khoma, ati ku fakitale nsalu sankaiweruzira pansi pa babu kapena padzuwa lamphamvu. Anayala mkono wa diresi pachithunzi. Anazifananiza mosamala, mpaka Rudo anayamba kundiyang'ana.

"Pakolala pada pang'ono," anatero. Kenaka anapukuta m'maso ndi chala chachikulu. "Koma uyu ndi Filomena. Ukatsuke ziwiri, china ndikapachike kwanga."

Kuyambira tsiku limenelo amabwera Loweruka lililonse. Amakhala pambali panga ndikamakonza zithunzi, n'kumatsutsana ndi kachipangizo kaja ngati mnzawo wa kuntchito. Nthawi zambiri amagwirizana, ndipo akagwirizana amaseka kuti azungu anachedwa kupanga chinthu chomwe iwo anabadwa nacho. Sindinawaone akuseka choncho chichokereni ntchito.

Chiliza tivundukula mu Ogasiti, mphepo ikachepa. Simenti tapeza kale, ndipo felemu akupala ndi malume eni ake. Mudzaima pamaso pa anthu mutavala diresi lanu, mtundu wake weniweni.

Za alongo anu musade nkhawa. Ndikulonjeza kuti sadzakhalanso okhaokha m'nyumba muja kuyang'ana khoma. Mpando wawo uli pambali pa wanga.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Lameki