Atate Anapita ku Yelusalemu Ali ku Nyimba

Nyimba,
14 Meyi, 2022.

Okondedwa alongo anga a Mateus,

Ndikhulupilila kuti muli bwino kumeneko ku Solwezi, pamodzi ndi alamu a Mildred ndi ana. Kuno tilipo. Mvula inatha bwino, chimanga cha kumunda wa ku Ndake chauma, ndipo nthochi zanga pamseu zikuyenda ndithu. Kalatayi ndapatsila a Amon, a ku tchalitchi kwathu aja amene amayendetsa thilaki ya ku migodi, kuti akupatseni m'manja. Mudabwa kuti ndalemba papepala pamene timalankhulana pafoni mlungu uliwonse. Ndayesa kangapo kukuuzani pafoni, koma mukangoti halo, lilime langa limathawila ku nkhani za mitengo ya feteleza.

Ndinakuuzani kuti atate akuvutika ndi miyendo. Miyendo ikuwavutadi, koma si zokhazo. Mundilole ndiyambe kumene zinayambila.

Mukudziwa kuti chimwalilile amai, atate anachoka ku Ukwimi, kumsasa wakale wa othawa nkhondo kumene tinakulila, kudzakhala ndi ine, ndipo ntchito yao inali kukhala pakhonde ndi Baibulo pamaondo. M'nyengo ya Lenti, a Virginia, aphunzitsi aja amene amatiimbitsa kwaya, analengeza m'tchalitchi kuti tikupita ku Isilaeli. Anthu anaseka. Iwo anati sitikwela ndege ai. Ku Yelusalemu kuli mai wina amene ntchito yake ndi kuyendetsa alendo, ndipo kuyambila nthawi ya mlili wa kolona, alendo atasiya kubwela, anayamba kuyenda yekha ndi foni m'manja, anthu a kutali n'kumamutsatila pa kompyuta. Ife tidzamuona, iye adzationa, ndipo tidzafunsa zimene tifuna. Atate atamva anandiuza kuti ndiwasitile jekete lao la ku maukwati. Ndinawakumbutsa kuti tikungopita kuholo ya tchalitchi. Anati munthu salowa m'Yelusalemu ndi malaya a kumunda.

Tinali kukumana Lachinai masana. A Virginia anapachika shiti yoyela ya pabedi pakhoma, mawindo tinatseka ndi zitenje, iwo n'kumatimasulila Chizungu. Mai wa ku Yelusalemuyo dzina lake ndi Tamar, koma ife tinangowatcha a Tamara, ndipo anatiuza kuti Loweluka tisawafune chifukwa ndi Sabata lao, ngakhale foni sagwila.

Ulendo woyamba ena anakhumudwa. Anali kuyembekezela ngamila ndi anthu a mikanjo monga pa zithunzi za m'Baibulo, koma anaona magalimoto, masitolo a mafoni, ndi amuna okuwa pamsika ngati a pa steshoni ya ku Petauke. A Tamara anationetsa buledi wolukidwa ngati tsitsi amene amadya pa Sabata, zipatso za azitona zodzaza m'mabeseni, ndi khoma lakale la miyala ikuluikulu pamene anthu amapemphela akuwelamawelama. Tsiku la ku Yolodano atate anaseka mpaka kutsokomola. Anafunsa ngati kamtsinje kameneko ndi komwe kaja anaoloka Yoswa, popeza Luangwa wathu, ngakhale ataphwa, amakaposa. A Virginia atamasulila, a Tamara nao anaseka, nati alendo ambili amatelo. Alongo, ndinali nditaiwala kuti atate amaseka bwanji.

Koma tsiku lina chithunzi chinadutsa pa atsikana awili ovala za usilikali, mfuti zili paphewa, akunyambita ayisikilimu. Atate anazolika, osadzutsanso mutu mpaka a Tamara atakhotela njila ina. A Rhoda, aja ogulitsa kapenta pamsika, anafunsa chifukwa chake dziko loyela lili ndi mfuti zochuluka chonchi. A Tamara anati kwaoko kuli Ayuda ndi Apalestina, aliyense akuti pano m'pathu, aliyense ali ndi manda amene amalilapo, ndipo iwo sangatinamize kuti nkhaniyo inatha. Pobwelela kunyumba, tili pafupi kufika, atate anati, "Ndiye munthu angathawile kuti?"

Ulendo womaliza, a Tamara anatichenjeza kuti kumene atitengela si malo a m'Baibulo, ndipo wa mtima wofooka akhoza kutsala kunyumba. Palibe anatsala. Kunali ku nyumba yokumbukila Ayuda amene anaphedwa ku Ulaya pa nkhondo yaikulu yachiwili. Iwo anaima panja pake, za m'kati n'kumationetsa pa zithunzi. Nkhaniyi ndinaimvapo kusukulu, koma inali funso chabe la pa mayeso. Tsiku limenelo tinaona nsapato za anthu, nkhope za ana, ndi chipinda chozungulila chodzaza zithunzi za akufa mpaka kudenga, m'mbali mwake muli mashelefu osungila maina ao. Mashelefu ena anali opanda kanthu. A Tamara anati malo amenewo akudikila anthu amene anafa pamodzi ndi onse amene akanawatchula.

Ndiye a Tamara anatiuza za agogo ao aamuna. Anali khanda ku Poland pamene mai ao anawapeleka kwa mkazi wina amene sanali Myuda, asilikali atatsala pang'ono kufika. Mkaziyo anawalela ngati wake, anawapatsa dzina lina, ndipo anamwalila osanena kanthu. Agogowo anadzamva kwa munthu wa pafupi ali kale ndi ana. Anasamukila ku Isilaeli, anafunsa kulikonse dzina la mai wowabala, mpaka anafa osalipeza.

Atate anaimilila, ndodo ili m'manja. Anauza a Virginia kuti afunse ngati agogowo anamuda mkazi amene anawalela.

"Ai," anayankha a Tamara. "Anamukonda mpaka tsiku lao lomaliza. Koma anali kunena kuti, anandipatsa zonse, n'kupita kumanda ndi chinthu chimodzi chimene chinali changa."

Atate sanadikile pemphelo lotsekela. Ndinawapeza kuseli kwa holo atakhala pamwala, jekete atavula, thukuta lili kamukamu. Ndinawafunsa ngati ndi mutu, anati tiye kunyumba.

Kuyambila pamenepo chakudya anali kungochigwilagwila, Baibulo osalitsegula. Mukukumbukila pamene anakuimbilani kufunsa kuti mubwela liti, inu n'kuyankha kuti tchuti chanu ndi cha mu Ogasiti? Atadula foni anakhala nayo m'manja nthawi yaitali. M'mawa mwake ananditsatila kudimba, ndi miyendo yao yotupa ija, nandiuza kuti ndiike chikwanje pansi ndikhale. Zimene ndilembe tsopano ndi mau ao. Sindinaonjezepo kanthu. Ngati muli kuntchito, pindani kalatayi mukawelengele kunyumba.

Anati m'chaka cha 1987, pamene amuna a mfuti analowa m'mudzi wao ku Maravia, ku Mozambiki, iwo ndi amai anathawila kuthengo alibe kanthu m'manja koma kankhwangwa. Mpaka lelo sadziwa kuti anthuwo anali a mbali iti. Amai anali ndi mwana wamwamuna kumsana, wa miyezi yochepa, dzina lake Mateus. M'njila yopita kumalile a Zambia mwanayo anayamba kutsegula m'mimba chifukwa cha madzi a m'zithaphwi, ndipo anamwalila. Atate anakumba ndi kankhwangwa kaja pafupi ndi chulu, n'kumuika. Amai anakana kuchokapo, anachita kuwakoka, mkaka ukuwanyowetsa bulauzi.

Tsiku lotsatila anafika pa kamtsinje kouma, napeza anthu amene anathawa patsogolo pao ali lambilambi pamchenga, ataombeledwa. Pakati pao panali mkazi wogona chafufumimba, mwana ali kumsana. Mwanayo anali moyo. Mau anali atamuthela, anali kungoyamwa nsalu. Atate anamumasula, amai anamulandila n'kumuika pabele. Atafika kumalile, olemba maina a othawa nkhondo atafunsa kuti mwanayu ndani, amai anati Mateus. Atate anawayang'ana, koma sanatsutse.

Alongo anga, mwana wa pamchengayo ndinu.

Ine ndinafuna kuimilila n'kuchokapo. Atate anandigwila mkono nati, "Mvetsela, sindinathe. Mkazi uja ndinali kumudziwa. Dzina lake Rozalina Sande, wa m'mudzi wa Kachombo, tsidya lina la phili lathu. Mwamuna wake anali Domingo, wosula makasu. Mwanayo anali kumuitana Zeka."

Anati ngati a Domingo anapulumuka, iwo sadziwa. Pa mitembo ija panalibe. Ndipo pali china. Ife tinakula tikumva kuti nkhondo itatha, malole atabwela kudzatenga anthu kubwelela ku Mozambiki, banja lathu linatsala chifukwa cha munda wachonde wa ku Ukwimi. Si munda ai. Amai anaopa kuti tikabwelela, a ku Kachombo adzakuzindikilani nkhope n'kukutengani. Anati anaika kale mwana mmodzi m'thengo, wachiwili sangamupeleke ali moyo. Analumbilitsa atate kuti asadzanene, ndipo iwo anasunga lumbilolo ngakhale pa malilo a amai. Abale ao onse a kwao, ngakhale mai wao wowabala, atate sanawaonenso chifukwa cha zimenezi. Sindikunena izi kuti muwamvele chisoni. Ndikungofuna mudziwe zonse.

Atate anandibwelezetsa mainawo ngati katekisimu mpaka nditawagwila. Anati adzakuuzani okha mu Ogasiti, maso ndi maso, chifukwa nkhani yotele sinenedwa pafoni. Ine anati ndingowasungila mainawo, mwina Mulungu angawaitane Ogasiti asanafike.

Lamulungu lotsatila anagwa pakhomo la tchalitchi potuluka m'Misa. Tinathamanga nao kuchipatala kuno, kenako anatitumiza ku Petauke. Madokotala anati ndi sitiloko. Mbali ya kumanja yonse inafa, pakamwa panapotoka, ndipo mau anapita. Anatibweza kunyumba kuti tizikawasamala. Tsopano ndimawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala ndi sipuni, lina n'kumatayikila pachibwano. Masiku onse aja munali kundiuza kuti ndiwapatse foni, ine n'kumati agona, ndinali kunama. Anali maso, akumva mau anu. Mundikhululukile. Ndinadziwa kuti mukamva mudzanyamuka tsiku lomwelo, ndipo ndinaopa kukuyang'anani kumaso ndili ndi zimenezi pamtima.

Kumva amamva. Ndikatchula dzina lanu amatembenuzila maso kukhomo. Dzulo ndinakhala pambali pao n'kuwafunsa ngati ndikulembeleni zonse, ndipo ndinati ngati avomela andifinye dzanja. Sanafinye, koma sanalisiyenso. Anatseka maso, misozi n'kumatsikila m'makutu. Sindidziwa ngati kumeneko kunali kuvomela kapena kukana. Ndalemba ndekha, ndipo ngati ndalakwa mlanduwo ukhale wanga. Chimene sindikanatha ndi kugona tsiku lililonse ndikudziwa kuti maina a makolo anu ali m'mutu mwa munthu mmodzi yekha, wogulitsa nthochi pamseu pamene mathilaki amadutsa osaima.

A Virginia akuti a Tamara anafunsa za mdala amene anaimilila tsiku lija. Ndinawauza kuti akayankhe kuti ali bwino. Ndikanati chiyani?

Pempho langa ndi ili: musadikile Ogasiti. Kambani ndi akulu a ntchito, muwauze kuti atate anu akudwala kwambili, ndipo simudzakhala mukunama. Ngati mwakwiya, bwelani mudzakwiyile kuno, iwo akali kumva. Ndamva kuti ku Luembe, m'boma lathu lomweli, kuli amai ena okalamba ochokela chigawo chomwecho cha Maravia, mwina angadziwe ngati ku Kachombo kunatsala munthu. Ine sindinapiteko, chifukwa ulendo umenewo si wanga. Mukafuna tidzapita tonse, mukapanda kufuna sindidzakufunsani. Pobwela mutengeko bulangete lolemela, kuzizila kwayamba, ndi matewela a akulu ngati amapezeka kumeneko, kuno amasowa.

Mundipelekele moni kwa alamu a Mildred. Kuwauza kapena kusawauza zili kwa inu. Mundipatsile moni ana onse, makamaka Luka wamng'ono amene munamutcha dzina la atate. Ana anga Takondwa ndi Chifundo akupeleka moni, akufunsa kuti amalume abwela liti. Sindinawauze kanthu, ndipo ngakhale ndikanawauza, amalume ao ndi amodzi okha. Atate nao ndikuwapelekela moni, popeza pakamwa pao pano ndine.

Mukatsika basi musaime pamseu kuganiza ngati mulowe. Dzina limene mudzafune kuti ndizikuitanilani ndidzaliphunzila, ngakhale lilime lidzavute poyamba. Koma zimene ndalemba pansipa sizisintha.

Ine mlongo wanu,
Teresa.