Dzanja Lili M'chigayo

Lachinayi, tsiku lotentha.

Ana anga ndi atatu. Mabvuto ndi mphunzitsi ku Nyimba, Tisa ndi nasi pachipatala ku Petauke, Esinati anaphunzila zamagetsi. Esinatiyo ndiye anachotsa switchi yakale pachigayo changa n'kuikapo mabatani awili, lobiliwila loyatsila ndi lofiila lozimitsila.

Lelo malaiti atapita, ndinalowetsa dzanja m'chigayo kuti ndichotse gaga pasefa, osazimitsa kanthu. Malaiti anabwela dzanja lili m'kati. Wailesi inayamba kuyimba, koma chigayo chinangokhala chete, kudikila kuti munthu adine batani. Ikanakhala switchi yakale, bwenzi ndilibe zala.

Tsiku limene ankaika mabataniwo ndinati, "Mwana wamkazi adziwa chiyani za chigayo?" Alongo ake ndi mng'ono wake anamva, ndiye amvenso ndikupepesa. Onse abwele kuno Loweluka loyamba la mwezi wamawa.