Tikiti ya Tadala

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ndine Esinta wanu, kuno ku Joni tilipo. Akazi a achimwene a Lameki anabereka mwana wamkazi, wamphumi ngati yanu. Ku Dedza akuti munda wanu wakudambo watulutsa kachewere wambiri, ngakhale analima ndi aganyu. Ine ndikuchapabe ndi kusita kwa mabwana aja a ku Mayfair.

Mdzukulu wanu Tadala wakhozanso. Ali Giredi 11, ndipo pa masamu palibe womuposa m'kalasi mwawo. Amawerengera pabolodi lositira, poti m'fulati muno ku Hillbrow tilimo mabanja atatu, tebulo limodzi. Mlongo wake Yamikani wabwereza kachiwiri. Amaponya mabuku pakona n'kukaima pamsewu ndi anyamata ena amene maso awo sindiwakonda. Ndikamufunsa amangoti, "Eish, Ma, sukulu ndi ya atsikana."

Koma achimwene zimenezi sakuziona. Monga mwini mbumba, akuti munda wanu sungakhale wopanda mwana wamkazi wa mtundu wathu, apo ayi a m'malire aulanda. Akuti ine ndisasiye ntchito, Yamikani ndi mwamuna, apitirize sukulu. Nanga watsala ndani, Amayi?

Lamulungu achimwene anabwera ndi matikiti a basi a ulendo wa Disembala, wodzamanga chiliza pamanda panu. Anawasiya pafiriji. Atapita ndinawayang'ana: athu tonse ndi opita ndi kubwerera, ya Tadala ndi yopita yokha. Dzulo aimba foni kuti ndiwapatse pasipoti yake, ati aisunge bwino. Masiku ano akumuseketsa mwanayo kuposa kale. Mwiniwake sakudziwa kanthu. Wagula kale maluwa apulasitiki oti adzakuikireni.

Munkakonda kunena kuti, "Mwana wamkazi sasowa pogwira, munda ulipo." Munatero m'mawa uja munandivula yunifolomu ndili Sitandade 6, nditakhala nambala wani, kuti achimwene apitirire. Ndinakukhululukirani kalekale, koma mpaka lero ndikamasita yunifolomu ya ana a eni, mtima umandiwawa.

Ndikuopa, Amayi, sindikubisirani. Achimwene akakwiya mudzi wonse umakwiya nawo. Mwina munda umene munaulima zaka zonse zija upitadi chifukwa cha ine, mwinanso sadzandilola kupondanso pakhomo panu. Komabe pasipotiyo ndaibisa kuntchito, pansi pa mashiti a abwana, ndipo sindiipereka.

Choncho pachiliza musamudikire Tadala. Maluwa ake ndidzabweretsa ndine, ndipo ndidzagwada pamanda n'kukuwerengerani lipoti lake lonse, achimwene akumva. Ndikukulonjezani kuti mdzukulu wanu adzabwera kudzakuonani akadzamaliza matiriki, mayeso a Giredi 12, tikiti yobwerera ili m'thumba mwake.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinta